Musaike Kompyuta M'manda Isanafe

Lachiwiri lina m'mwezi wa February, nyengo imene mu Durban mumatentha ngati mumphika wovundikira, kompyuta yanga ya patebulo inayamba khalidwe lachilendo. Ndikadina batani, fani inkazungulira, kanyali n'kuyaka, koma pakangopita kanthawi, zii! Ndinali ndi masamba 60 oti ndimasulire m'Chichewa pofika Lachisanu, ndipo ndalama ya ntchitoyo ndi imene inkadikiridwa kuti ilipire lendi kuno ndi fizi ya mng'ono wanga ku Ntcheu.

Ndinaisenza, kukwera nayo takisi mpaka kusitolo ina yaikulu. Mnyamata amene anandilandira sanamasule ngakhale sikuluu imodzi. Anangofunsa zaka zake, ndipo nditati 7, anagamula kuti motherboard yapita, kukonzetsa n'kutaya ndalama. Kenako anandilozera kompyuta zatsopano zimene ndikanalipira pang'onopang'ono kwa miyezi 24.

Yankho limeneli ndi limene ndikufuna kulimbana nalo, chifukwa lafala ngati chimfine. Limaperekedwa ngati uphungu wa katswiri pamene ndi malonda chabe. Ndipo ife amene tinapita kusukulu ndi amene timalimeza msanga, poti tinaphunzitsidwa kuti chatsopano ndiye chitukuko, chokonzetsa ndi chizindikiro cha umphawi.

Mayi wina amene timapemphera naye anandilozera kwa bambo wina wa ku Mangochi, amene ali ndi kachipinda kodzaza mawaya chakufupi ndi Warwick Junction. Iyeyu anayamba ndi mafunso, monga amachitira dokotala wabwino. “Achemwali, imazima pompopompo kapena ikagwirako ntchito? Nanga kunamveka fungo la chopsa?”

Mafunsowa ali ndi chifukwa. Kompyuta ikamazima patangotha masekondi pafupifupi 4 nthawi zonse, woyamba kumukayikira ndi batani loyatsira lomwelo. Likakanirira mkati, makinawo amayesa kuti munthu walidina osasiya, ndipo amazima monga anapangidwira. Ikamazima itagwirako ntchito, kawirikawiri vuto ndi kutentha. Purosesa ikatentha mopitirira muyezo imadzizimitsa yokha kuti isapse, ndipo chimene chimaifikitsa pamenepo ndi fumbi lotseka mpweya, fani yofooka, kapena kaphala kaja kopaka pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa kakauma. Nthawi zina ndi RAM imene yasekesa kapena yachita dzimbiri m'mano mwake, zomwe sizachilendo mumzinda wa chinyezi ndi mphepo ya mchere ngati uno.

Bamboyo anayenda njira yonseyi ine ndikuona. Anapemerera fumbi, napaka kaphala katsopano, koma inazimabe. Anazula RAM, naipukuta, n'kumabwezera imodziimodzi. Inazimabe. Anachotsa chilichonse chosafunika kuti makina ayake. Pomaliza anatsala ndi power supply, kabokosi kamene kamalandira mavoti 230 a pakhoma n'kuwasandutsa mavoti 12, 5 ndi 3.3 amene zipangizo za mkati zimadya. Analumikiza ina imene ankadziwa kuti ndi yamoyo, ndipo kompyuta inayaka ola lathunthu osaphethira. M'kabokosi kakaleko anandionetsa ma capacitor awiri otupa pamwamba ngati mandasi. Motherboard imene anaiwerengera maliro ija inalibe banga. Ndinalipira R450, ndipo Lachisanu ntchito ndinapereka.

Wina anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya munthu mmodzi ndi mwayi wake. Ndiye tiyeni tione dziko lonse. Lipoti la mabungwe a United Nations lotchedwa Global E-waste Monitor, la chaka cha 2024, linapeza kuti mu 2022 anthu anataya zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso m'njira yovomerezeka sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Zina mwa zotsalazo zimathera kuno ku Africa. Ku Agbogbloshie mumzinda wa Accra, anyamata akhala akuwotcha mawaya kuti apeze kopa, uku akupuma utsi wapoizoni, mpaka pamene malowo anagwetsedwa mu 2021. Pa milu imeneyo, ndi makina angati amene anangofunika kabokosi kamodzi ngati kanga?

Kutayaku sikuchitika mwangozi. Pali opanga zipangizo amene amamata ndi guluu pamene pakanakhala sikuluu, amawotcherera RAM kuti isazulike, ndipo amabisa mabuku a kakonzedwe. Pa 14 October 2025, Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, pamene Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi mapurosesa atsopanoko. Makina ambirimbiri amene akugwira ntchito bwinobwino anasanduka nkhalamba pa pepala, ngakhale kuti Linux, imene ndi yaulere, ingawayendetse zaka zinanso.

Mayiko ena adzuka. France inayamba mu 2021 kukakamiza ogulitsa kuti azionetsa malikisi osonyeza ngati foni kapena laputopu ndi yokonzeka mosavuta. European Union inakhazikitsa lamulo la ufulu wokonzetsa katundu mu 2024. Kuno ku South Africa, kuyambira pa 1 July 2021, malangizo a Competition Commission amalola mwini galimoto kukachititsa sevisi kwa makaniko woima payekha popanda kutaya waranti yonse. Ngati zinatheka pa galimoto, n'chiyani chikuletsa pa kompyuta ndi foni, zimene wosauka amazidalira kuposa galimoto?

Koma mlandu wina uli pakhomo pathu, ife omasulira. Ndakhala ndikumasulira timapepala ta katemera, ta chisankho, ta ulimi wa mtedza. Palibe tsiku limene wina anandipatsa tsamba lofotokoza chochita kompyuta ikamazimazima. Nzeru zonsezi zatsekeredwa m'Chingerezi, ngati kuti Chichewa, isiZulu kapena Chiyao n'zongolirira maliro ndi kuimbira nyimbo zaukwati. Chikhalirecho bambo uja anandifotokozera zonse m'Chichewa chosavuta. Power supply anaitcha mtima, fani anaitcha mapapo, ndipo ndinamva bwino kuposa mmene ndikanamvera m'buku. Chilankhulo chathu mawu chili nawo. Chimene chikusowa ndi anthu oti awalembe.

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anapanga makina amphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa. Buku limene linamutsogolera, Using Energy, linali m'Chingerezi chimene sankachimva bwino, moti ankadalira kwambiri zithunzi. Timamuombera m'manja, ndipo n'koyenera. Koma tidzifunse: ndi ana angati amene anatsegula buku ngati lomwelo n'kulitseka chifukwa cha chilankhulo?

Sindikunena kuti chilichonse n'chokonzeka, kapena kuti aliyense wogwira sikuludiraiva ndi mmisiri. Alipo achinyengo amene amazula chipangizo chabwino n'kuikamo chakufa. Mankhwala ake ndi kudziwa, kuti ukamapereka makina uzifunsa mafunso oyenera, uziona chimene chachotsedwa, ndi kulandira lisiti. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limapereka waranti ya miyezi itatu pa chipangizo chimene chaikidwa pokonza komanso pa ntchito yochiikayo. Ndichenjezenso kuti power supply si yotsegula munthu wosadziwa, chifukwa ma capacitor ake amasunga moto ngakhale waya utazulidwa pakhoma. Ikafa, isinthidwe yonse. Ndipo m'mayiko athu ano a magetsi ozimazima, nzeru ndi kuzula waya magetsi akapita, chifukwa pobwera amatha kubwera ndi ukali.

Pempho langa ndi ili. Kwa ogulitsa: yezani musanagamule. Kwa opanga malamulo ku Cape Town ndi ku Lilongwe: ufulu wokonzetsa katundu ulembedwe m'malamulo, zipangizo zosinthira zizipezeka, mabuku a kakonzedwe akhale poyera. Kwa anzanga olemba ndi omasulira: tikhale pansi ndi amisiri a ku Limbe, a mumsika wa Lilongwe ndi a m'tizipinda ta mu Durban, tilembe zimene akudziwa m'zilankhulo zimene amalankhula. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinatsala pang'ono kudya la miyezi 24.

Nkhani ino ndailemba pa kompyuta yomweyo. Chaka chino yakwanitsa zaka 9.