Zomwe mukudziwa za HIV ndi za chaka chiti?

Foni ikakhala nthawi yaitali osapanga update imayamba kukunamizani. Zomwe achinyamata ambiri obadwira kuno kunja mukudziwa za HIV zili chimodzimodzi: zinatha ntchito kalekale.

Zina munazimva kunyumba. Makolo anu anaona zaka za m'ma 1990, pomwe maliro ankachitika sabata ndi sabata, ma ARV aulere asanafike ku Malawi mu 2004. Mantha awo ali ndi chifukwa, koma ndi a nthawi imeneyo. Zina munazitola pa TikTok ndi kusukulu, kuti awa ndi matenda a "kumudzi", ku Leeds kapena ku Dallas safikako. Mbali imodzi ikukuopsezani ndi zosaopsa, inayo ikukugonetsani tulo.

Tiwongole. HIV simungaitenge kwa udzudzu, m'malovu, pachimbudzi kapena podyera nsima mbale imodzi. Imadutsa m'magazi, umuna, madzi a kumaliseche kwa mkazi ndi mkaka wa m'mawere. Njira zake ndi kugonana kosadziteteza, kubwerekana jakisoni, komanso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Simungamudziwe munthu pomuyang'ana. Wonenepa ndi wosalala khungu akhoza kukhala nako kachilomboka zaka zambiri iye mwini osadziwa. Mapiritsi olera amateteza mimba basi.

Tsono nachi chomwe ambiri simunauzidwe. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo osaonekanso poyeza magazi sangapatsire mnzake pogonana. Kafukufuku wa PARTNER ku Ulaya anatsatira mabanja omwe mmodzi ali nako wina alibe, ndipo sanapeze ngakhale mmodzi amene anatengera kwa mnzake wotereyu. Ndiye azakhali omwe amamwa mankhwala awo tsiku ndi tsiku si oti muziwapatulira kapu. Woti mumudere nkhawa ndi amene sanayezetsepo, ndipo mwina ameneyo ndi inu.

Kondomu ikaphulika, kapena wina akakugwiririrani, pali mankhwala a PEP. Ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Manyazi a masiku atatu angakutayitseni mwayi umenewu. Palinso PrEP, yomwa musanakumane ndi chiopsezo. Ku England imaperekedwa ulere ndi NHS kuyambira 2020. Komweko kuyezetsa ndi kulandira ma ARV n'kwaulere, kaya mapepala anu ali bwanji. Ku South Africa lamulo limalola mwana wa zaka 12 kuvomera yekha kuyezedwa.

Ena amati kukamba izi ndi kuphunzitsa ana chiwerewere. Ine ndikuti ayi. Makolo akakhala chete, foni imayankhula, ndipo siyisankha zoona ndi zabodza. Safunsa anadya phula. Ngati kunyumba nkhaniyi ndi yolaula, funsani namwino wa kusukulu kapena pitani ku kiliniki ya zaumoyo wogonana. Kayezetseni, kenaka mukawafotokozere akuluakulu mwaulemu zomwe zasintha. Nawonso akufunika kuzimva.