Maere Sagwera Amene Sanalembetse

Caka ciliconse bungwe la IETF, lomwe lakhala likukonza mfundo zoyendetsera intaneti kuyambira mu 1986, limaitana anthu odzipereka kuti alowe m'komiti yosankha atsogoleri ake. Mamembala 10 oponya voti amapezeka mwa maere, ndipo kampani imodzi siloledwa kukhala ndi anthu opitirira awiri.

Komabe maere amagwera okhawo amene analembetsa. Kale munthu anafunika kupezeka pa misonkhano itatu mwa isanu yomaliza, pomwe palibe ndi umodzi womwe umene unacitikira mu Africa. Lamulo la mu 2023 limawerenganso otengako mbali kudzera pa intaneti. Motero akatswiri a m'Zambia akapanda kulembetsa, anzao akunja ndiwo adzapitiriza kuwasankhira atsogoleri.