WOWENGEDWA NDI CHAKUDYA SACHITA MATAMA

Akuluakulu anati m'mimba ndi m'chipala, kutanthauza kuti ana a mayi mmodzi sabadwa ofanana. Mwambiwu timauvomera tikamakamba za khalidwe, koma tikafika pa mbale ya nsima timauiwala. Mwana akanena kuti mkaka umamutsegula m'mimba, kapena kuti ndiwo zotendera zimamutulutsa ziwengo, yankho limakhala lakuti: "Wayamba matama, ukadya kwa yani?" Ena amathamangira kunena kuti amudyetsa. Makolo athu okondedwa, ine ndikuti mwana wotereyu tiyambe tamumvera, kenaka tisinthe kaphikidwe.

Choyamba tidziwe kuti vutoli lili mitundumitundu. Anthu ambiri akamakula, thupi lawo limalephera kugaya shuga wa mu mkaka wotchedwa lactose, ndipo m'mimba mumangobwata. Pa dziko lonse, akuluakulu otere ndi pafupifupi awiri mwa atatu alionse. Ena matumbo awo amaonongeka ndi gluten, yemwe amapezeka mu tirigu. Koma oopsa ndi mawengo a mtedza, mazira kapena nsomba, pakuti munthu amatha kutupa milomo ndi kukhosi mpaka kubanika. Wotereyu sitimuyesa ndi mawu oti "talawa pang'ono". Akayamba kubanika, tithamange naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Ndikudziwa chomwe mayi wa kwathu ku Chigwirizano angafunse: "Ndalama ya mapoto awiri ndiitenga kuti?" Funsoli ndi loona, pakuti makala ndi mafuta ophikira sizitoledwa pansi. Komabe mwayi wathu ndi wakuti zolowa m'malo zili pamsika pomwepo. Chimanga, mpunga, mawere, mapira, chinangwa ndi mbatata zilibe gluten. Wodwala ndi buledi ndi mandasi angathe kumwera tiyi mbatata, kapena zitumbuwa za ufa wa chimanga ndi nthochi. Ambiri ovutika ndi mkaka wamba amapeza kuti chambiko sichiwavuta kwenikweni, chifukwa shuga uja amachepa mkaka ukasasa. Nkhwani kapena mpiru tingauphike ndi tomato ndi anyezi, kapena kutendera ndi nthanga za maungu zosinja. Banja lonse likadya zomwezo, poto amakhala mmodzi ndipo mwana sadziona ngati mlendo pakhomo pake.

Chisamaliro chifike mpaka pa ziwiya. Mtondo wosinjira nsinjiro ndiponso mthiko wotakasira ndiwo zotendera zitsukidwe bwino tisanazigwiritse kwina, chifukwa kwa wowengedwa kwambiri kachidutswa kakang'ono n'kokwanira kumudwalitsa. Tiziwerenganso zolembedwa pa mapaketi. Likuni Phala muli soya, ndipo chiponde chimene amapatsa ana onyentchera n'chopangidwa ndi mtedza.

Chachiwiri, mantha asatisandutse madokotala. Kuchotsa mkaka, mazira, nyemba ndi nsomba zonse nthawi imodzi mongoganizira ndi kuitana matenda ena. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Tikachotsa chimodzi, tipeze china cha m'gulu lomwelo. Wosadya mazira adye usipa. Njira yabwino ndi kulemba m'kope zimene munthu wadya tsiku lililonse ndi mmene wamvera, n'kupita nalo kuchipatala cha Likuni, chomwe chili pafupi nafe, kapena ku Kamuzu Central.

Pomaliza, ife tili pasukulu yogonera pomwe mphika umodzi umadyetsa anyamata ambiri. Makolo, musabise vuto la mwana pomuopera kuti amubweza. Auzeni Bambo Rector ndi ophika teremu ikamayamba, kalata ya dokotala ili m'manja. Nafenso anyamata tileke kuseka mnzathu wokankha mbale, ndipo tisamuyese pomubisira mtedza m'phala ngati nthabwala. Nthabwala yotereyi itha kuthera m'maliro.