NYUMBA ZAKALEZI NZATHU

Anzanga ena amati nyumba zakale za m'matauni mwathu ndi zotsalira za atsamunda, choncho zikafuna kugwa zigwe, tidzamangepo zamakono. Ine maganizo amenewa sindigwirizana nawo, ndipo ndifuna kufotokoza chifukwa chake.

Tiyeni tiyambire mu mzinda wa Blantyre. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, cha mpingo wa CCAP, chinamangidwa kuyambira mu 1888 mpaka mu 1891. Mabuku a mbiri amatchula M'busa David Clement Scott wa ku Scotland kuti ndiye anatsogolera ntchitoyi. Koma kodi M'busayu akanaumba yekha njerwa zonse zija? Amene anaponda dothi, kuumba njerwa, kuziwotcha ndi kuzisanja anali makolo athu, amene anali asanamangepo nyumba yotere chiyambire. Tsopano patha zaka zoposa 130 koma tchalitchicho chili chiimire. Maina a amisiri amenewa sitiwamva m'kalasi. Umboni wa luso lawo ndi makoma omwewo. Makomawo akagwa, adzawachitira umboni ndani?

Mumzinda womwewu muli nyumba yosanja ya Mandala, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882. Dzina lakuti Mandala silinachokere ku Ulaya. Anthu akuno ndiwo anatcha John Moir, mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, dzina limeneli chifukwa cha magalasi amene ankavala. Lero dera lonselo limatchedwa Mandala. Nanga tinganene bwanji kuti nyumbayi njachilendo pamene dzina lake lomwe tinapereka ndife?

Ena adzati nyumbazi zimatikumbutsa nthawi yowawa ya thangata ndi msonkho. Zoonadi zimatero, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kuzisunga, kuti ana athu adzaone ndi maso kumene tachokera. Atsamunda omwe ankadziwa kuti nyumba imalankhula. Mu 1915, M'busa John Chilembwe atawaukira, iwo anaphwasula tchalitchi chanjerwa chimene iye ndi akhristu ake anamanga ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Lero tchalitchi chimenecho timangochiona pachithunzi. Paja akulu anati madzi akatayika saoleka. Zingakhale zamanyazi kuti zimene anachita atsamunda ndi chidani, ife tizichite ndi mphwayi.

Nyumba yakale kawirikawiri siigwa tsiku limodzi. Limayamba ndi lata limodzi lodontha, kenaka chiswe chimalowa m'matabwa, khoma limachita mng'alu, pomaliza pamafika munthu wandalama amene akufuna malowo. Kukhoma lata latsopano n'kotsika mtengo kusiyana ndi kudzutsa khoma logwa. Ndikupempha boma, makhonsolo a mizinda, mipingo ndi eni nyumbazi kuti azikonza zikadali chilili. Ndikupemphanso aphunzitsi a mbiri kuti aziperekeza ana a sukulu kukaona malo otere, makamaka ku Zomba kumene kunali likulu la dziko lino mpaka mu 1975.

Nafenso achinyamata tili ndi mbali yathu. Tileke kulemba maina athu ndi makala pamakoma akale. Tikapita kutchuthi, tifunse agogo kuti nyumba yakale ya pa boma lakwathu anamanga ndani, liti, ndipo inkagwira ntchito yanji. Zimene atiuze tizilembe, akuluwa asanapite nazo kumanda.