Baibulo m'kalasi ya ku Lakeview

Munthu akachoka pa boma la Ntcheu nalunjika ku Dedza, potsata msewu umene ukhudzana ndi malire a Mozambique, afika ku Mlangeni, kumene kuli Lakeview, likulu la Malawi Adventist University. Muzu wa sukuluyi uli kutali, ku Malamulo m'boma la Thyolo, kumene a mpingo wa Seventh-day Adventist adayamba ntchito yawo mu 1902, nasula aphunzitsi ndi alaliki. Ndipo Lakeview, imene idali seminale ya abusa, idakula pang'onopang'ono kufikira idasanduka sukulu ya ukachenjede, mogwirizana ndi yunivesite ya mpingo womwewo ya Baraton ku Kenya.

Mbiri imeneyi ndiyo ibala mkangano. Amene adzakhala abusa amazama m'zaumulungu, ndipo palibe wodandaula. Koma mnyamata wodzaphunzira za malonda, kapena mtsikana wofuna uphunzitsi, amapeza kuti Buku Lopatulika lamudikiranso m'kalasi, ndi kuti dzuwa likalowa Lachisanu zolembera zonse zigona kufikira Sabata litatha.

Oikira kumbuyo mwambowu anena kuti m'mera mpoyamba, ndi kuti dziko limene latopa ndi akalaliki odziwa masamu koma osaopa kanthu lisowa sukulu zoumba mtima pamodzi ndi mutu. Ndani angawatsutse msanga? Ena ayankha kuti malo m'mayunivesite a boma ngochepa, kotero mwana wa Chikatolika wa ku Nzama, kumene ansembe a Montfort adafika mu 1901, kapena Msilamu wa ku Balaka, sabwera chifukwa cha chiphunzitso, koma chifukwa khomo lina lidamtsekera. Kumuuza kuti kwa eni kulibe mkuwe nkosavuta. Koma kodi iye ndi mlendo, pamene makolo ake adagulitsa mbatata ndi kabichi kuti alipire fizi? Akulu akumbukira phokoso la mu 2000, pamene boma lidafuna kuchotsa Bible Knowledge m'masekondale. Nkhani ya chipembedzo m'kalasi siigwidwa ndi dzanja limodzi.

Ine ndiona kuti mpingo uli ndi ufulu wophunzitsa Baibulo m'nyumba imene udamanga wokha, pokhapokha mphunzitsi asiyanitse guwa ndi bolodi. Wophunzira amene watsutsa chiphunzitso cha Sabata pa mayeso, nafotokoza bwino zifukwa zake, alandire malikisi ake onse monga mnzake amene wavomereza.