MAU A MABALANE: Khanda la Maso Akuru

Sabata ino ndikamba za nthenda ya maso imene madotolo aicha glaucoma. Ambiri ayesa kuti igwira nkhalamba zokha, koma iai, alipo ana obadwa nayo. Siicuruka: ku Ulaya ipezeka mwa khanda limodzi pa makanda ngati 10,000. Icurukirapo kumene anthu akwatirana pacibale, cotero inu munakwatira msuweni wanu cherani khutu. Igwira anyamata koposa atsikana, ndipo kawiri kawiri maso onse awiri.

Inu mudziwa za madzi a pansi pa mgodi. Aturuka usana ndi usiku, ndipo mapampu akaima nchito yaonongeka. Diso nalo liri ndi madzi ace m'kati, amene apangika nthawi zonse naturuka pa kanjira kakang'ono. Mwa ana awa kanjirako sikanatseguke bwino. Madzi aunjikana, ndipo popeza diso la khanda liri lofewa, lifufuma. Pang'ono pang'ono mtsempha wocokera ku diso kunka ku ubongo ukufa, ndipo ukafa suukanso.

Msampha uli apa. Kumudzi akaona maso otere ati, "Ha, kukongola mwana!" Mai akutumizirani cithunzi, inu muonetsa anzanu m'cipinda mokondwa, osadziwa kuti diso liri kutha. Funsani tsono. Kodi mwana angoturuka misozi asakulira? Kodi akaturuka naye pa dzuwa atsinzina nabisa nkhope pa cifuwa ca amace? Kodi pakuda pa diso pacita mbuu ngati nkhungu, kapena diso lina laposa linzace? Izi zioneka makamaka mwana asanakwane caka cimodzi.

Mankhwala odontheza angocepetsa madzi kwa kanthawi. Cithandizo ceni ceni ndi opareshoni: amgoneka mwana tulo, natsegula kanjira kaja. Dotolo Otto Barkan wa ku San Francisco anafotokoza za opareshoni yotere pa makanda m'caka ca 1942, ndipo ana ambiri ofika msanga apulumuka khungu. Ena afunika kuwacita kawiri, ena abvala magalasi, koma onse ayenera kupimitsa maso moyo wao wonse.

Ine ndiona kuti mlandu waukuru uli pa ife tiri kutali. Mai kumudzi aopa kupita ndi mwana ku mpeni bambo asanalole, ndipo bambo ati, "Dikirani ndibwere pa Khirisimasi." Diso silidikira Khirisimasi. Imbani foni lero, muwauze apite ku cipatala cakufupi akapemphe kalata ya ku cipatala ca maso: ku Queen Elizabeth m'Blantyre, ku Kamuzu Central m'Lilongwe, kapena ku Nkhoma. Amene banja liri kuno ku Joni, kuli St John ku Soweto. Asathire m'diso madzi a zitsamba kapena mankhwala ogula mwa iwo okha, pakuti ena a iwo aonjeza nthendayi. Ndarama za basi mutumize za anthu awiri, mai ndi womperekeza, ndi za cakudya, cifukwa akagonako masiku.