ZA ULENDO WATHU WA KU NKHALANGO, NDI MLANDU WA MITENGO YA KUNJA KWA MPANDA

Kwa Mafumu athu olemekezeka, Nyakwawa, ndi ziwalo zonse za Msonkhano.

Pa msonkhano wapitawo munatituma ife kuti tikaone ndi maso athu nkhalango ya nyama ya Nkhotakota pamodzi ndi midzi yokhala m'mbali mwace, popeza madandaulo a mpanda anacuruka tsiku lija kufikira dzuwa linalowa nkhani zina tisanazikhudze. Tapita ndipo tabwera. Koma tiyambe ndi kupepesa, pakuti mau amene tabwera nao si amene munali kuyembekeza. Munatituma kukatenga mlandu wa mpanda. Ife tabwera ndi mlandu wa ife eni, ndipo ugwera makamaka pa iwo okhala pa mipando ya ufumu.

Tinayamba ndi mseu wa ku Kasungu, umene upyola m'kati mwa nkhalango. Munthu akangolowa pa cipata amva kuzizira kwa mthunzi. Mitengo ya mombo, tsamba, msuku, muwanga ndi mlombwa iima yothithikana m'zitunda ndi m'zigwa kufikira ku phiri la Cipata, ndipo dera lonselo likwana pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Ndowe za njobvu tinaziona pa mseu pomwe. Inu akulu mukumbukira kuti njobvu za muno, zimene kale zinali ngati 1,500, zinatha ndi mfuti kufikira zinatsala zosakwana 100 m'caka ca 2015, pamene Boma linapangana ndi bungwe la African Parks kuti liyang'anire nkhalangoyi. M'zaka za 2016 ndi 2017 anatenga njobvu pafupifupi 500 ku Liwonde ndi ku Majete, nadza nazo pa magalimoto, nazitula kuno. Tinafikanso ku mtsinje wa Bua, kumene nsomba ya mpasa ikwera kucokera ku nyanja kukaikira mazira pa miyala ya pansi pa madzi, ndipo tinaona magombe ace ali ogwidwa ndi mizu, osagumuka.

Tsiku lina tinasiya galimoto, tinayenda pansi m'midzi, mpanda wa waya uli ku dzanja limodzi. Pamenepo ndipo tinagwidwa manyazi. Mbali iyi ya waya kuli mitengo yoti munthu saona patali. Mbali iyo kuli zitsa zokhazokha, ndi dothi lopsa pamene panali mauvuni a makala. Mvula ndi imodzi, nthaka ndi imodzi, ndipo wayayo sakula kuposa cala. Kodi cinasiyanitsa mbali ziwirizi nciani? Uko kuli mwini wakuletsa, kuno kulibe.

Anthu a m'midzimo anatilandira bwino, natipatsa kondowole ndi usipa, natiuza zowawa zao. Sitidzabisa kanthu ka izo. Njobvu zina zituruka usiku, ndipo munda wa cinangwa umene munthu wauyembekeza caka ndi miyezi utha usiku umodzi. Ena agona m'zisakasa ku minda ndi moto ndi zitini zakuomba. Kashembe aluma anthu m'mbali mwa nkhalango, ndipo nthenda ya kaodzera si yacilendo m'boma lathu lino. Zimenezi nzoona, ndipo Msonkhano uyenera kuzinena pamaso pa oyang'anira ndi pa Boma mosaopa. Koma pamene tinafunsa amai kuti cobvuta cao ca tsiku ndi tsiku nciani, njobvu anazichula pambuyo. Coyamba anati nkhuni. Agogo ena anatiuza kuti ali mtsikana anali kuzula bowa kuseri kwa nkhokwe, manyame ndi ndelema kudzaza dengu nsima isanapse. Lero zidzukulu zao zidikira tsiku limene oyang'anira alola anthu kulowa m'nkhalango ndi cilolezo. Taonani, mafumu: mudzi wa mfumu ulikupempha bowa ndi udzu wofolera kwa alonda a nyama, cifukwa chire lace la mudziwo linatha.

Alipo ena pakati pathu amene akamva nkhani ya mitengo ayankha msanga kuti, nkhalango ija nja azungu, ife sitipindula nayo. Tinene kuti ziri comweco. Nanga ya kunja kwa mpanda inali ya yani? Mzungu uti anadula msuku wa kuseri kwa sukulu? Njobvu isenza nkhwangwa kodi? Dziko la kunja kwa waya ndi la makolo, liri m'manja mwa mafumu kuyambira kwa Mwansambo ndi Mwadzama, kudzera kwa Malengacanzi ndi Mphonde, kufikira kwa Kanyenda ndi Kafuzila. Palibe mtengo ugwa m'mudzi nyakwawa osamva kulira kwa nkhwangwa. Matumba a makala amene tinaona ataimikidwa m'mbali mwa mseu, ndi njinga zotsetsereka nao kunka ku boma m'bandakuca, sizidzera kumwamba. Zidzera pa khomo la mfumu. Ndipo tinamva m'midzi ingapo, ngakhale sitidzachula maina m'kalata muno, kuti mlendo akadza ndi kanthu m'manja apatsidwa phiri lathunthu kuti aoche, ndipo akatha asamukira kwa nyakwawa wina.

Ena ati, musaweruze, ndi njala. Inde, woocha makala ndi mbale wathu, ndipo nthawi zambiri ndiye wosauka koposa onse. Phindu lalikuru litsalira wogula wa m'tauni. Asodzi afuna nkhuni zowambira nsomba, omanga afuna zikuni za njerwa, ndipo ife tomwe olemba kalatayi tiphika ndi makala. Cifukwa cace sitinena kuti nkhwangwa zonse zitayidwe m'nyanja. Tinena kuti munthu wanjala sadya mbeu yace yonse, ndipo mfumu iripo kuti imletse pamene njala yamcotsa nzeru.

Mphamvu imeneyi muli nayo kale, ndipo si ya dzulo. Kuyambira caka ca 1926, pa masiku a Boma la Nyasaland, nyakwawa analoledwa kupatula malo akhale nkhalango ya mudzi, yodulamo ndi cilolezo cace cokha. Lamulo la Nkhalango la 1997 linabwereza mau omwewo: nyakwawa akhoza, pomva uphungu wa a za nkhalango, kulemba malire pa malo a makolo amene sanagawidwe, ndi kuika komiti ya mudzi iyang'anire. Zaka zonsezi lamulo lagona m'mabuku, ndipo ife tirikutha masiku kukangana za nkhalango imene siiri m'manja mwathu. Makolo anati fodya wako ndiye ali pamphuno.

Musaope kuti nchitoyi ifuna ndalama za mabungwe kapena mbande za m'macubu. Mombo ndi tsamba sizifa msanga pozidula. Citsa cikhala ndi moyo pansi, ndipo mvula ikagwa ciphuka mphukira zambiri. Zimene zipha mphukirazo ndi zitatu: khasu la wozula zitsa, mbuzi, ndi moto wa mocedwa. Moto wa anyamata osaka mbewa m'miyezi ya September ndi October, udzu utauma gwa, upsereza zonse kufikira mizu ya pamwamba. Koma chire likatenthedwa msanga, mu May kapena June udzu ukali ndi cinyezi, moto uyenda pansipansi nusiya timitengo. Mudzi ukapatula phiri limodzi, nulambula njira yochinga moto, nuthenera mphukira kusiya ziwiri kapena zitatu pa citsa, zaka zowerengeka upeza nkhuni ndi phaso. Ndipo bowa uja wa agogo abwerera, pakuti manyame akhalira pamodzi ndi mizu ya mitengo ya cibadwidwe imeneyi. Bulugamu ndi wabwino pa milimo, sitimkana. Koma masuku sabala, ndipo mlombwa wa zitseko ndi mbawa ya mabwato sangazilowe m'malo. Funsani osema mabwato a ku gombe kumene apeza mtengo waukuru masiku ano, ndi mtengo wace wogulira.

Inu a ku madambo a mpunga musayese nkhani iyi nja anthu a ku mapiri okha. Mitsinje yathu, Kaombe, Bua, Dwangwa ndi inzace, itsika kucokera ku mtunda. Phiri likabvulidwa, madzi sakhalanso pansi. Athamanga tsiku limodzi ndi mcenga ndi matope, nakwirira minda ndi miyala yoikirapo mpasa, ndipo m'cilimwe zitsime ziuma. Madzi osefukira a ku Dwangwa kumapeto kwa February 2024 anagwetsa nyumba nasamutsa anthu zikwi zambiri. Sitinena kuti nkhwangwa yokha inacita ici, pakuti mvula inali yaikuru. Koma gombe lopanda mtengo liribe cogwira.

Pa boma pathu pali mkuyu umene timaonetsa alendo monyadira, ndi kunena kuti pansi pace David Livingstone anakomana ndi Jumbe m'caka ca 1863. Mtengo umenewo palibe auyandikira ndi nkhwangwa. Tidziwa tsono kusunga mtengo pamene mlendo anakhalapo. Koma umene amai athu anatolapo masuku tiugulitsa thumba limodzi la makala.

Cotero tipempha kuti pa msonkhano ulinkudza nyakwawa ali yense adze ndi dzina la phiri, dambo kapena gombe la mtsinje limene mudzi wace wabvomera kulipatula, ndipo mlembi adzalilemba m'buku anthu onse akumva. Amene alibe malo otsala anene comweco poyera, kuti tione ngati midzi iwiri ingaphatikizane. Tipemphanso mafumu akuru kuti asanadze ayende okha ndi mapazi mtunda wa ora limodzi m'mbali mwa waya, monga tinacita ife, osatuma mthenga. Nkhani ya njobvu ndi kashembe idzakhala yaciwiri pa ndondomeko, ndipo kalata wopita kwa oyang'anira nkhalango tidzamlemba tsiku lomwelo, maina a nkhalango za midzi atalembedwa kale pamwamba pace.

Ife anu,
Akomiti a Msonkhano.